Zaka Zana Pakhonde la Sitolo

Aliyense amene anayendapo m'timatauni takale ta dziko lino, monga pa Namadzi, pa Mponela kapena pa Ekwendeni, amazidziwa nyumba zimene ndikunenazi. Ndi masitolo a njerwa zootcha ondandalikana m'mbali mwa msewu, malata ake ofiira ndi dzimbiri, kutsogolo khonde lotakasuka la zipilala zonenepa, kuseri nyumba yogona yolumikizana ndi sitoloyo. Ena lero ndi mopemphereramo, ena mavenda amaunjikamo soya ndi nandolo, ena munalowa mileme kalekale. Akuluakulu akamadutsa amangoloza ndi mlomo n'kunena kuti, "Apa panali Amwenye."

Chimene chimandikopa ine pa nyumbazi ndi khondelo. M'kati eni ake asinthasintha: Mzungu, Mmwenye, mkulu wa chipani, Mtchaina, Mburundi. Koma munthu wamba wa kumudzi wofuna kuyamba geni, malo ake akhala pakhonde kwa zaka zoposa zana, pakati pa msewu ndi kauntala. Chamukhazika pamenepo ndi funso limodzi limene boma lililonse layankha mwa njira yake: ndani angamukhulupirire munthu ameneyu n'kumupatsa katundu kapena ndalama zoti adzabweze m'tsogolo?

Malonda sanabwere ndi sitima za Azungu. David Livingstone atafika kuno mu 1859 anapeza Amang'anja akusungunula chitsulo m'ng'anjo, akusula makasu ndi nkhwangwa, akuwomba nsalu za thonje lolima okha. A m'mbali mwa nyanja ya Chilwa ankapanga mchere n'kumasinthanitsa ndi chakudya. Ayao ankayenda maulendo a miyezi mpaka ku Kilwa atasenza minyanga ya njovu, ndiponso, tisabise, atamanga akapolo, n'kubwerako ndi nsalu, mikanda ndi mfuti. Atsamunda anadza ndi zachilendo ziwiri: nyumba yokhazikika yogulitsiramo chaka chonse, ndi ndalama. Ndalamazo anthu sanaziitane. Msonkho wa nyumba, umene unayamba boma la Angerezi litangokhazikika mu 1891, ndiwo unakakamiza bambo aliyense kuti apeze mashereni pachaka, kaya pokagwira ntchito m'minda ya Azungu, kaya pogulitsa mbewu zake.

Sitolo yoyamba kutchuka inali ya kampani ya ku Glasgow imene inakhazikitsidwa mu 1878, yomwe pambuyo pake inadziwika kuti African Lakes. Ankaiyendetsa anali abale awiri, John ndi Frederick Moir. John ankavala magalasi, anthu n'kumutcha Mandala, ndipo dzinalo linamatirira kampani yonse. Nyumba yawo ya mu 1882 ikadalipo ku Blantyre. Masitolo a Mandala anafalikira m'maboma ambiri, kenako kunadza a Kandodo. Komatu Mzungu sankafuna kukakhala kutali ndi anzake kuti azigulitsa mchere wa kobiri ndi singano imodziimodzi. Ntchito yonyozekayo anaitola Amwenye.

Bwanamkubwa woyamba, Harry Johnston, ankafuna kuti anthu a ku India abwere ambiri. Ochuluka anachokera ku Gujarat, ena Asilamu ena Ahindu, n'kulowera ku Chinde, kukwera ndi mtsinje mpaka ku Port Herald, kumene lero timati ku Nsanje, ndi ku Chiromo. Njanji itafika ku Blantyre mu 1908, Limbe inasanduka likulu la malonda awo, ndipo kuchokera kumeneko anamwazikira m'dziko lonse.

Anthu ambiri ankaona kulemera kwa Mmwenye ngati kwa mankhwala, ndipo nkhani za zizimba zinkamveka m'mabwalo a mowa. Chizimba chake chenicheni chinali buku la ngongole. Mnyamata ankafika kuchokera kwawo m'thumba muli mbee. Ankayamba wagwira ntchito m'sitolo ya malume ake kapena ya munthu wa kumudzi kwawo, kugona kuseri kwa kauntala, kuphunzira Chinyanja, kuloweza mitengo, kudziwa kunenerera ndi nthawi yoikira banyira. Pakapita zaka zingapo mwini sitolo uja ankamupatsa mitumba ya nsalu, matumba a mchere, sopo, palafini, makasu ndi mabulangete, zonse pangongole, n'kumutumiza kukatsegula kasitolo kufupi ndi msika wa thonje kapena wa fodya. Ankabweza akagulitsa. Chaka chikavuta, wa ku Limbe uja ankadikira, chifukwa nayenso katunduyo anamupatsa pangongole ndi makampani aakulu oitanitsa kunja, komanso chifukwa wokongolayo anali mwana wa mlongo wake, wopanda kothawira, woti akachita chinyengo mbiri yake ikafika mpaka kumudzi ku India. Chingwe chimenechi chinkayambira ku Bombay ndi ku Manchester n'kudzathera pa kauntala ya kasitolo ka pa Namwera.

Chinkathera pa kauntala ndithu, osatulukira pakhonde. Mu 1903 boma la atsamunda linaika lamulo la kakongozedwe ka anthu akuda. Mzungu kapena Mmwenye akakongoza munthu wakuda katundu wopitirira kandalama kochepa, khoti silinkamuthandiza kulonjerera ngongoleyo. Olemba lamulolo ankati akuteteza mbadwa kuti zisamire m'ngongole. Chimene chinachitika n'chakuti panalibe wamalonda wanzeru zake amene akanapereka katundu wambiri kwa munthu wakuda wofuna kutsegula sitolo. Iye ankayenera kupikula ndi ndalama zimene ali nazo m'manja, pang'onopang'ono, pamtengo wokwera, n'kukapikisana ndi mnzake amene mashelefu ake adzaza ndi katundu amene sanalipirebe. Lamuloli linagwira ntchito zaka makumi angapo. Ndikamva munthu lero akunena monyadira umphawi kuti ife Amalawi magazi athu si a bizinesi, ndimakumbuka chaka cha 1903.

Oyesa analipo, ndipo ankadziwa chimene akuchita. Mu 1909 John Chilembwe wa ku Mbombwe ndi anzake ena ophunzira anayambitsa bungwe la Natives' Industrial Union kuti amalonda ndi alimi achikuda azithandizana. Mwa anthu otukuka a nthawiyo munali Joseph Bismarck, amene anali ndi munda waukulu kufupi ndi Blantyre, John Gray Kufa, amene anaphunzira zachipatala ku mishoni ya Blantyre n'kudzapeza malo akeake ku Nsoni, ndi Duncan Njilima, mwini masitolo. Kufa ndi Njilima timawakumbukira chifukwa boma linawapha pambuyo pa kuukira kwa mu 1915, ndipo kusukulu amatiphunzitsa za iwo ngati anthu a nkhondo basi. Timaiwala kuti zaka zambiri za moyo wawo anali anthu a sikelo ndi buku la malonda, otchingidwa njira ndi malamulo a malo, a ziphaso ndi a ngongole.

Kwa munthu wamba, mpamba unkachokera kutali. Unkachokera ku migodi ya ku Joni kudzera ku Wenela, ndi ku mapulazi ndi m'makhitchini a ku Halale. Amene sanatchone ankabwera ndi sutikesi, jekete, njinga, ndipo woganiza za mawa ankabwera ndi makina osokera a Singer. Makinawo ankakawaika pakhonde la Mmwenye. Mgwirizano wake unali wosavuta: mayi agule biriwita kapena chitenje m'kati, atuluke, telala amuyeze pomwepo. Mwini sitolo ankakondwa poti nsalu ikuyenda, telala ankapeza denga ndi makasitomala. Pakhonde pomwepo panabwera wokonza njinga, wokhoma ndowa, wokonza mawotchi, ndi mayi wa zitumbuwa atakhala chakumapeto kwa masitepe. Khonde linali sukulu ya malonda ya anthu athu, yopanda mphunzitsi ndi satifiketi. Amene anasunga kangachepe ankakamanga kantini yake ya udzu m'mudzi, kutali ndi Mmwenye, n'kumagulitsa shuga wa pasupuni, machesi, ndi tiyi wa sikono. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, asilikali ena a KAR anabwera ndi luso loyendetsa ndi kukonza galimoto, ndipo anthu akuda anayamba kukhala ndi malole ndi zigayo. Ku Blantyre mayina a Lawrence Makata ndi Lali Lubani anamveka m'zaka zimenezo, ndipo n'zosadabwitsa kuti anthu otere anali m'gulu la ochirikiza chipani cha Congress: ankadziwa bwino pamene denga la atsamunda linkawagunda mutu.

Sitolo siyenda popanda ogula, ndipo wogula wa kumudzi ndalama ankazigwira kamodzi pachaka, akagulitsa mbewu. Apa napo boma linaikapo dzanja. Fodya wa chikopa atafalikira ku Lilongwe ndi ku Dowa, mu 1926 anakhazikitsa Native Tobacco Board kuti iziyang'anira alimi ndi misika yawo. Mabungwe a mbewu anawaphatikiza mu 1956, mu 1962 dzina linakhala Farmers Marketing Board, ndipo mu 1971 inabadwa ADMARC. Mayina ankasintha, koma mlimi ankapezabe kuti wogula ndi mmodzi ndipo mtengo wautchula kale asanaone mbewu. Panali njira ina imene inayamba kuphuka lamulo la makopaletivu litadza mu 1946: alimi a mpunga a Kilupula ku Karonga, a khofi ku Misuku, ndi ena, anayamba kugulitsa okha mbewu zawo ndi kusunga phindu m'gulu. Boma la ufulu silinakondwere ndi magulu okhala ndi ndalama zawo ndi atsogoleri awo kunja kwa chipani, ndipo ambiri anafota m'zaka za m'ma 1960.

Madandaulo a anthu pa Amwenye anali enieni, ndipo wolemba mbiri asawapeputse. Malipiro a anyamata a m'sitolo anali ochepa, mawu ena anali onyoza, sikelo zina zinali zokayikitsa, ndipo zinkawawa kuona phindu lonse la mchere ndi nsalu za m'mudzi mwako likupita kwa mlendo amene sadzabwera ngakhale pamaliro. Mu 1970 Dr. Kamuzu Banda analamula kuti Amwenye achoke m'madera akumidzi, ndipo pofika 1978 ankaloledwa kuchita malonda m'mizinda yokha: Blantyre ndi Limbe, Zomba, Lilongwe ndi Mzuzu. Ambiri, poti anali ndi ziphaso za Britain, anasamukira ku Leicester ndi mizinda ina ya ku England. Masitolo anatsala m'manja mwa Amalawi, ena akuluakulu a chipani, ena ogwira ntchito m'boma opuma, ena atelala omwe aja. Kwa nthawi yoyamba munthu wa pakhonde analowa m'kati n'kuima kuseri kwa kauntala.

Boma linadziwa kuti payenera kukhala wopereka katundu, n'chifukwa chake kunabwera Chipiku, masitolo opikulitsa a kampani ya Import and Export, ndipo m'matauni munabwera PTC ya kampani ya Press. Koma ku Chipiku kunalibe malume. Unkalowa ndi ndalama, n'kutuluka ndi katundu wolingana ndi ndalamazo, basi. Mitengo ya shuga, mchere, sopo ndi zina boma linkaikiratu, ndiye ukachotsa ya mayendedwe phindu linkatsala la tambala. Ndipo panali vuto lina limene Mmwenye analibe. Iye anali mlendo, ndiye ankatha kukana. Mwana wa m'mudzi angakane bwanji sopo kwa apongozi ake, palafini kwa a mfumu, nsalu ya maliro kwa mlamu wake? Ife timati kupatsa n'kuika, ndipo ndi mwambo umene watisunga pa njala ndi pa matenda, koma ku Chipiku sankalandira mwambo. Mawu aja amene timawaseka pamakoma a magolosale, akuti "Ngongole mawa", analembedwa ndi anthu amene anali atawawidwa. M'zaka zochepa mashelefu anayamba kuyera. Mwini sitolo ankayala timabala ta sopo motalikirana kuti paoneke podzaza, kenako ankadya mpamba, kenako loko pachitseko. M'madera ena anthu anayambanso kuyenda mitunda italiitali kukagula mchere umene kale ankaupeza pafupi.

Sindikunena kuti eni masitolo atsopanowo analibe zolakwa. Ena anakwatira mitala ndi ndalama za katundu. Koma ngakhale wosamala anali pa mpanipani, chifukwa thumba la wogula linali lobooka. ADMARC inkagula mbewu za alimi ang'onoang'ono motchipa, phindu lake lambiri n'kukalowa m'maesiteti ndi m'makampani a anthu apamwamba. Fodya wa bale, amene anali ndi ndalama, lamulo linkamusungira eni maesiteti, ndipo mlimi wamba sanaloledwe kumulima mpaka 1990. Ndalama za ku Joni nazo zinaduka mu 1974, ndege ya Wenela itagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kwawo, Kamuzu n'kuletsa kulemba anthu a kumigodi. Atadzatsegulanso, opita anali ochepa poyerekeza ndi kale. Pamwamba pa zonsezi, pachipata cha msika pankaima anyamata a chipani ofunsa khadi. Tinkauzidwa kuti chuma chili m'nthaka, ndipo chinalimodi, koma chikatuluka m'nthakamo sichinkachedwa m'mudzi.

Boma litaona maloko akuchuluka linayamba kubala mabungwe. DEMATT inadza mu 1979 kudzaphunzitsa amalonda kulemba mabuku, MUSCCO mu 1980 kudzalera masako, SEDOM mu 1982 kudzakongoza amisiri ang'onoang'ono, ndipo pa Mponela panakhala sukulu ya MEDI. Ndi thandizo la dziko la Germany anamanga timatauni ta chitukuko m'malo ngati Mbalachanda, Mkhota, Lobi, Tsangano ndi Thekerani: msika, positi ofesi, chipatala, holo. Nyumba zinali zabwino. Ogula okha ndiwo sakanamangidwa ndi simenti.

Chimene chinayenda bwino m'zaka zimenezo, ndipo n'chofunika kuchiyang'anitsitsa, ndi ngongole ya makalabu a alimi. Inayambira mu pulojekiti ya chitukuko cha ulimi ya ku Lilongwe, n'kufalikira m'dziko lonse, ndipo kuyambira 1988 inkayendetsedwa ndi bungwe la SACA. Alimi ankapanga kalabu, alangizi n'kuwalembera feteleza ndi mbewu pangongole. Lamulo lake linali lakuti mmodzi akapanda kubweza, kalabu yonse siilandira chaka chamawa. Choncho wolonjerera ngongole anali mnansi wako, wodziwa kuti wagulitsa matumba angati ndipo mbuzi zako zili zingati. Kwa zaka zambiri alimi ankabweza kuposa 90 pa 100 iliyonse, chinthu chimene akatswiri akunja ankachitchula ngati chozizwitsa cha mu Africa. Sichinali chozizwitsa chokoma chokhachokha. Mpaka 1987 wogula mbewu anali ADMARC yekha, ndiye kunalibe kozembera, ndipo wolephera ankamuzulira chitseko, kumutengera njinga kapena malata. Makalabu nawo ankasankha anthu opezako bwino, amasiye ndi osauka n'kutsala kunja. Komabe zinaonetsa poyera kuti munthu wa kumudzi amabweza ngongole pamene woiyang'anira ndi mnzake womudziwa.

Zonsezi zinagwa m'zaka ziwiri zokha. Chilala cha 1992 chinapsereza chimanga, kenako kunabwera mphepo ya matipate ndi riferendamu ya 1993. Andale ena pofuna mavoti anauza alimi kuti ngongolezo ndi ndalama zawo zomwe, asavutike kubweza. Obweza anatsika osakwana ndi theka lomwe, SACA inafa, ndipo mu 1994 m'malo mwake munalowa Malawi Rural Finance Company, ya chiwongoladzanja chokwera. Kabungwe ka Mudzi Fund, kamene kanayamba kuyesa ku Chiradzulu ndi ku Mangochi njira ya banki ya Grameen ya ku Bangladesh yokongoza amayi osauka m'magulu, kanamezedwa m'kampani yomweyo. Kuyambira nthawi imeneyo mawu oti "ngongole ya boma" anasintha tanthauzo m'makutu a anthu. Anayamba kumveka ngati mphatso yochedwa kuitchula dzina.

Zaka za Bakili Muluzi zinatsegula zitseko zonse nthawi imodzi. Amalonda wamba anali ataloledwa kale kugula mbewu kuyambira 1987, koma tsopano mavenda anadzaza ndi sikelo zawo zopachika pamtengo. Kwacha anali ataisiya kale kuti iziyandama kumayambiriro kwa 1994. Kaunjika anasefukira m'misika, ndipo telala wa pakhonde, amene anapirira Mmwenye ndi Kamuzu, anagonja kwa malaya a ku Ulaya otchipa kuposa ulusi wake. Ambiri anatsala ongosoka zigamba ndi mayunifolomu a sukulu. Koma bale atafika kwa mlimi wamba, ndalama zinaonekadi m'midzi ya ku Kasungu, Dowa, Mchinji ndi Rumphi. Nyengo ya okushoni ikafika, magolosale ankaphuka ngati bowa, zigayo zinkalira, anyamata ankagula njinga za kabaza, ndipo makalabu a fodya amenewa ndi amene anadzabala bungwe la alimi la NASFAM chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Amayi nawo anapeza mawu: bungwe la NABW limene Joyce Banda anayambitsa mu 1990 linakula, FINCA inafika mu 1994, ndipo mawu oti geni anasiya kukhala ochititsa manyazi.

Maboma onse otsatira akhala ndi thumba lawo la ngongole. Bingu wa Mutharika anabweretsa MARDEF mu 2005, kenako thumba la achinyamata la YEDEF, ndipo matumbawa atasintha mayina anadzakhala NEEF mu 2020. Alipo anthu amene anayambadi bizinesi ndi ndalama zimenezi, ndipo sindikuwanyoza. Koma nkhani yake imabwerezabwereza ngati nthano ya kalulu: ngongole zimachuluka chisankho chikayandikira, mndandanda umadutsa m'manja mwa andale, ndipo pakapita zaka akuluakulu a thumbalo amalira pawailesi kuti anthu sakubweza. Wokongoza ali ku Lilongwe, wokongola ali ku Nthalire, ndipo sanaonanepo maso.

Mlendo wa m'sitolo nayenso wakhala akubwerera. Dziko lino litapalana ubwenzi ndi China, Atchaina anatsegula masitolo m'maboma, amalonda a ku Karonga ndi kwina anadandaula, ndipo mu 2012 lamulo linawabweza kumizinda ikuluikulu, monga momwe zinachitikira Amwenye. Kenako anthu a ku Burundi ndi ku Rwanda, ambiri ochokera ku kampu ya Dzaleka ku Dowa, anadzaza m'timatauni ndi m'makwalala a m'mizinda ndi magolosale otsegula m'bandakucha, otseka usiku, ogulitsa motsikirako mtengo. Mu 2023 boma linawatola n'kuwabwezera ku Dzaleka. Mukafunsa chinsinsi chawo mudzapeza chomwe chija: amapikula pamodzi, amakongozana katundu, wofika kumene amayamba wagwira ntchito m'sitolo ya mnzake mpaka amutsegulire yake. Katatu konse tachotsa mlendo kuseri kwa kauntala, ndipo katatu konse chingwe chake cha ngongole wapita nacho.

Chinthu chimene chasinthadi moyo wa malonda m'midzi m'zaka makumi awiri zapitazi sichinachokere ku Capital Hill. Chinayambira ku Maradi, m'dziko la Niger, mu 1991, pamene bungwe la CARE linathandiza amayi kupanga magulu osunga ndi kukongozana ndalama zawo zomwe, popanda tambala yochokera kunja. Njirayi itafika kuno inapeza nthaka yolimidwa kale, chifukwa chipereganyu tinkachidziwa, ndipo anthu anaipatsa dzina limene mlendo sakanaliganiza: banki mkhonde. Amayi khumi ndi asanu kapena makumi awiri, ndi abambo owerengeka, amakumana sabata iliyonse pakhonde la mmodzi wa iwo. Aliyense amagula masheya monga mwa thumba lake, mlembi n'kudinda m'kabuku. Pali kathumba kapadera ka zadzidzidzi, ka maliro ndi matenda. Wochedwa amalipira chindapusa, wolongolola pamsonkhano chimodzimodzi. Bokosi lili ndi maloko atatu, makiyi ali ndi anthu atatu, ndipo wosunga bokosi alibe kiyi. Wofuna ngongole amanena pamaso pa onse chimene akufuna kuchita, ndipo amene akumumvera ndi anthu odziwa ngati mandasi ake amayenda, ngati mwamuna wake amamwa, ngati anabweza ya mwezi watha. Chiwongoladzanja chimakhala 10 kapena 20 pa 100 pamwezi, chokwera ndithu, koma chimabwerera kwa eni ake tsiku logawana, nthawi zambiri mu Disembala.

Apa ndiye pamene pali nzeru imene mwini golosale wa m'ma 1970 ankaisowa. Mayi wa m'banki mkhonde ali ndi pobisalira. Mlamu akabwera kudzapempha, amayankha kuti, "Pepani alamu, ndalama zili ku gulu," ndipo ubale suduka, chifukwa wakana si iye koma bokosi. Gulu lamupatsa mphamvu ya mlendo ali mwana wa m'mudzi momwemo.

Tisakometse mopitirira. Magulu ena amakakamiza mamembala kukongola kuti phindu lichuluke, munthu n'kukongola ku gulu lina kuti abweze ku gulu ili, mapeto ake kwa akatapila. Tamva za amayi olandidwa ziwiya ndi malata, ena othawa m'mudzi usiku, maukwati otha, asungichuma ozimirira ndi bokosi. Kugwa kwa kwacha, ndi 25 pa 100 mu 2022 ndi 44 pa 100 mu 2023, kunadya ndalama zili m'bokosi lokiya. Ndipo ngongole yobweza pamwezi umodzi kapena itatu imakwanira tomato, usipa, makala ndi zitenje. Siingagule chigayo, siingadikire ng'ombe ya mkaka kuti ibereke, siingadzaze mashelefu a sitolo ya zipilala ija. Tsiku logawana likafika, feteleza, fizi ndi Khirisimasi zimakhala zikudikira pakhomo, ndipo mu Januwale gulu limayambanso ndi bokosi lopanda kanthu.

Pakhonde paja lero pawonjezeka munthu wina. Airtel Money itayamba mu 2012 ndi TNM Mpamba mu 2013, mnyamata kapena mtsikana wa kathebulo kofiira kapena kobiriwira anakhala banki ya m'mudzi, ndipo ndalama za mwana wa ku Joni, zimene kale zinkabwera m'sutikesi patatha zaka ziwiri, tsopano zimalira m'foni tsiku lomwelo. Kumene magetsi a kumidzi a MAREP afika, pambali pake pali wometa, wotchaja mafoni ndi wowotcherera. Telala akadalipo, wokalamba, makina ake omwe aja.

Chakumapeto kwa masitepe kuli mayi wa m'banki mkhonde. Lachiwiri anatenga ngongole ku gulu. Lachitatu m'mawa anakwera minibasi ya ku Limbe, nakalowa m'sitolo yaikulu yopikulitsa, mwina ya mdzukulu wa Mmwenye amene anamanga khonde lomweli. Anasankha zitenje khumi, katoni ya sopo ndi mafuta ophikira, analipira zonse pompo, wapakauntala n'kumupatsa lisiti osamufunsa dzina. Madzulo anali atabwerera. Wayala chiguduli, wathira mafuta m'timapepala ta pulasitiki, wadula sopo m'zidutswa, ndipo kumsana kwake kuli chitseko cha sitolo chokhala ndi loko wa dzimbiri.